Chiwongolero cha magemu a galimoto: cha ndalama zochepa chabwino ndi chiti?

Aliyense amene anasewerapo Euro Truck Simulator 2 kapena Assetto Corsa ndi kiyibodi akudziwa pomwe pamavuta: ukadina batani galimoto imakhota yonse, ukasiya imawongoka yonse, pakati palibe. Padi, kachipangizo kogwira m'manja kosewerera magemu, imathandizako, koma chala chimodzi sichingachite ntchito ya manja awiri. Apa m'pomwe ambiri amayamba kuganiza zogula chiwongolero. Tsono pamsika pali zinthu ziwiri zosiyana kotheratu zimene zonse zikutchedwa chiwongolero, ndipo pa chithunzi cha wogulitsa zimaoneka ngati n'zofanana.

Zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama

Choyamba, ndiponso chachikulu kuposa zonse, ndi force feedback. Mkati mwa chiwongolero chenicheni cha magemu mumakhala mota imene gemuyo imailamula kuti ikankhe kapena kukoka manja anu. Mukalowa pakona mothamanga kwambiri, matayala akutsogolo akayamba kuterereka, chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi. Kumbuyo kukayamba kutaya, chimazungulira chokha kulowera komwe muyenera kubweza. Mumamva zimenezi m'manja maso asanaone. Chiwongolero chopanda motayi chimakhala ndi mphira kapena sipuling'i yongochibweza pakati, ndipo sichikuuzani kanthu za msewu. Chenjerani ndi mawu oti vibration pa bokosi. Kumeneko n'kunjenjemera chabe konga kwa padi, si force feedback.

Chachiwiri ndi njira imene mphamvu ya mota imafikira m'manja. Zilipo zitatu: magiya a mano, lamba, ndi direct drive, pomwe chiwongolero chimamangiriridwa pa mota penipeni popanda chilichonse pakati. Magiya ndi olimba koma amachita phokoso ndipo amamveka mano ake mukamazunguza. Lamba ndi wosalala koma amameza zina mwa zimene msewu ukunena. Direct drive simeza kanthu. Mphamvu yozunguza ya mota imayezedwa mu Nm (newton-mita), ndipo zotchipa zimayambira cha m'ma 2 Nm kufika cha m'ma 5.

Chachitatu ndi kuzungulira. Madigiri 900 ndiye kuzungulira kawiri ndi theka kuchoka kumalekezero a kumanzere kufika a kumanja, monga galimoto wamba. Madigiri 270 safika n'kamodzi komwe. Magalimoto a F1 safuna kuzunguza kwambiri, koma kubweza thiraki yokoka ngolo yaitali ndi madigiri 270 n'kudzizunza.

Chachinayi ndi mapedulo, amene ambiri amawaiwala chifukwa sakhala kutsogolo pa chithunzi. Nthawi yochuluka imene munthu amataya pampikisano amaitaya pa buleki. Onani ngati alipo awiri kapena atatu, ndiponso chimene chimayeza kuponda kwanu. Ena amagwiritsa ntchito potentiometer, kachipangizo kokhala ndi kanthambo kokhula pa kanjira kake mkati, ndipo fumbi likalowamo kamayamba kunama. Ena amayeza ndi maginito, palibe chokhulana. Kwa amene akukhala kumene mu Okutobala fumbi limalowa m'nyumba ngakhale mawindo atsekedwe, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Kenaka makina amene mukusewerapo. Pafupifupi ziwongolero zonse zimagwira pa kompyuta ya Windows, koma nthawi zambiri cha PlayStation sichigwira pa Xbox, cha Xbox sichigwira pa PlayStation. Ngati mumalakalaka Gran Turismo 7 tsiku lina, imeneyo ili pa PlayStation pokha.

Mitengo ndailemba m'madola, ndipo ndi ya kunja komwe katunduyu amagulitsidwa mochuluka. Kwacha yathu siikhala malo amodzi moti munthu n'kulembapo mtengo wokhalitsa. Mu Novembala 2023 mokha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Pa mtengo uliwonse pansipa muwonjezerepo zonyamulira ndi msonkho wa MRA.

Njira yoyamba: zopanda force feedback

Apa pali Thrustmaster T80, Hori Racing Wheel Apex, PXN V9, ndi zina zambirimbiri zopanda dzina lodziwika.

*Mtengo.* Kuyambira madola 100 kufika cha m'ma 150. Zopanda dzina zimatsika kuposa apa.

*Kapezekedwe.* Ndi zimene mungazipeze msanga m'mashopu a zamagemu ndi m'magulu ogulitsirana malonda pa Facebook, chifukwa wamalonda sataya ndalama zambiri poziitanitsa.

*Kasamalidwe.* Palibe mota yoti ipse. Mphira ikatha mphamvu kapena pulasitiki ikathyoka, nkhani yathera pomwepo, chifukwa zida zosinthira sizipezeka.

*Chiopsezo.* Kutopa nacho pasanathe mwezi. T80 ndi Apex sizipitirira madigiri 270, ndipo m'magemu ambiri munthu wa padi adzakusiyani. PXN V9 ndiyo imakopa maso: madigiri 900, mapedulo atatu, ndi giya ya pamanja m'bokosi momwemo. Kwa woyendetsa thiraki modekha kuchoka ku Rotterdam kupita ku Berlin, imagwira ntchito ndithu. Pampikisano imakusiyani mukungoganizira zimene matayala akuchita. Pa PlayStation ndi Xbox imafunanso kuti mulumikize padi yeniyeni kuti izindikirike. Kampani yomweyi ili ndi V10, imene ili ndi force feedback ya magiya, musasokoneze ziwirizi.

Njira yachiwiri: Logitech G29, G920 ndi G923

G29 ndi G920 zinatuluka mu 2015, ndipo mkati mwake n'zapachibale kwambiri ndi G27 ndi G25 zimene zinazitsogolera. G29 ndi ya PlayStation ndi kompyuta, G920 ya Xbox ndi kompyuta. Zonse zili ndi mamota awiri oyendetsa magiya, mphamvu yoposa pang'ono 2 Nm, madigiri 900, chikopa pogwira, timagiya tachitsulo kuseri kwa chiwongolero, ndi mapedulo atatu achitsulo. Pa ziwirizi G29 ili ndi mabatani ambiri ndi timagetsi tokuuzani nthawi yosintha giya, choncho wa kompyuta asankhe iyo ngati mtengo uli wofanana. G923 ya mu 2020 inabwera ndi sipuling'i ina pa buleki ndi chimene Logitech amachitcha TrueForce, kunjenjemera kotsatira kulira kwa injini, koma kumagwira m'magemu ochepa okha. Mamota ndi magiya ndi omwe aja. Ineyo sindingawonjezere ndalama zambiri chifukwa cha TrueForce.

*Mtengo.* G29 inayamba pa madola 399, masiku ano imakonda kupezeka pakati pa 250 ndi 300, ndipo pa nthawi yotsitsa mitengo ya kumapeto kwa chaka imatsika kuposa apo. Giya ya pamanja, Driving Force Shifter, imagulidwa payokha cha m'ma 60. Yogwiritsidwapo kale ntchito imatsika kwambiri.

*Kapezekedwe.* Apa palibe yopikisana nayo. Yagulitsidwa kwa zaka zambiri m'mayiko ambiri, moti ku South Africa ili m'mashopu akuluakulu ndi pa Takealot, shopu ya pa intaneti ya komweko, ku Britain zakale zili mbwee pa eBay ndi Facebook Marketplace. Anthu ambiri amagula, kusewera miyezi ingapo, n'kuika pamwamba pa kabati. Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena mumadziwa wa thiransipoti wodalirika, imeneyi ndiyo yosavuta kuitanitsa. Ingodziwani kuti bokosi lake ndi lalikulu, ndipo mapedulo okha amalemera makilo atatu. Amene akubwera pa ndege muwauziretu asanalonjeze.

*Kasamalidwe.* G29 ili ngati Corolla yakale: si yothamanga, koma matenda ake onse ndi odziwika ndipo mankhwala ake amapezeka. Nthenda yaikulu ndi mapedulo, chifukwa ndi a potentiometer. Pakapita nthawi mudzaona moto ukudumphadumpha mwendo uli phee, kapena buleki ikugwira pang'ono musanaiponde. Mumatembenuza mapedulo, kumasula masikuluwu, kupopera mankhwala otsukira zamagetsi pa kachipangizoko, kuponda kangapo, basi. Aliyense wokonza mawailesi kapena mafoni akhoza kuchita. Mukamaliza kusewera vundikirani ndi nsalu. Adaputa yake ili panja, ya 24V, choncho ikapsa mumangosintha iyo yokha, chiwongolero osachitsegula.

*Chiopsezo.* Phokoso. Tayala likakwera m'mphepete mwa msewu magiya amagogoda, ndipo tebulo lamatabwa limakuza phokosolo. Amene agona chipinda chinacho adzadziwa kona iliyonse imene mwalakwitsa. Pakati penipeni pali kampata komwe chiwongolero sichikankha, chifukwa mano a magiya sagwirana thithithi. Buleki ya G29 ndi G920 ili ndi kamphira mkati kamene kamailimbitsa kumapeto, moti pa simenti yosalala mapedulo amathawa mukaponda. Atsamiritseni kukhoma. Ena amachotsa kamphirako kapena kukadula.

Pogula yakale musalipire musanayese. Mukailumikiza ku magetsi ndi ku kompyuta iyenera kuzungulira yokha kumanzere ndi kumanja mpaka kumalekezero, n'kuima pakati penipeni. Ikaima mopendekeka kapena kumangogunda mbali imodzi, isiyeni. Kenaka dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani joy.cpl, tsegulani chiwongolerocho, ndipo pondani pedulo iliyonse pang'onopang'ono mukuyang'ana kamzere kake. Kakwere mosalala, kabwerere pansi penipeni. Kakamanjenjemera ndiye fumbi lija, ndipo chimenecho n'chifukwa chonenerera mtengo, osati chothawira. G27 yakale ikapezeka motchipa ndi yabwinobe pa kompyuta, ndipo imabwera ndi giya yake ya pamanja, koma kagudumu kake koyezera kuzungulira kamadziwika ndi kusweka, ndipo imafuna pulogalamu yakale ya Logitech, osati yatsopano yotchedwa G HUB.

Njira yachitatu: Thrustmaster T128, T248, ndi akulu awo T150 ndi TMX

Izi zimaphatikiza lamba ndi magiya, choncho zimazungulira mosalala ndiponso mwachete kuposa Logitech.

*Mtengo.* T128 inatuluka mu 2022 pa madola 200, ndipo ndiyo khomo lotchipa kwambiri lolowera ku force feedback kuchokera ku kampani yodziwika. T248 ya mu 2021 inayamba pa 400, ngakhale imatsika kawirikawiri. T150 ya PlayStation ndi TMX ya Xbox, zimene T128 inalowa m'malo mwake, tsopano zimapezeka makamaka zakale.

*Kapezekedwe.* Ku South Africa ndi ku Ulaya zilipo, koma zakale n'zochepa poyerekeza ndi G29, ndipo kuno n'zosowa.

*Kasamalidwe.* Ubwino wa T128 ndi T248 uli pansi pa mapazi: mapedulo ake ndi a maginito, fumbi silikhala ndi pogwira. A T150 ndi TMX wamba ndi a potentiometer, apulasitiki, opepuka kwambiri.

*Chiopsezo.* T128 anaitchipitsa pogwira. Ndi yaing'ono, pulasitiki yokhayokha, ndipo manja akachita thukuta imaterera. Mapedulo ake ndi awiri, opanda kilatchi, ang'onoang'ono ndiponso oyandikana. T248 ili ndi mapedulo atatu abwino kuposa a Logitech, buleki yake mumatha kuilimbitsa kapena kuifewetsa, mphamvu yake ili cha m'ma 3.5 Nm, koma timagiya take ta kuseri timalira kwambiri, ndipo pa mtengo wake wonse yayandikira direct drive moti n'kovuta kuiikira kumbuyo. Pa T150 ndi TMX chenjerani ndi magetsi: adaputa ili mkati mwa chiwongolero. Yogulidwa ku America ikhoza kukhala ya 110V yokha, pamene kuno, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain magetsi ndi 230V. Werengani kapepala komatidwa kunsi musanalowetse pulagi.

Njira yachinayi: Thrustmaster T300 RS

Iyi ndi ya mu 2014, ya malamba awiri ndi mota yopanda maburashi, madigiri 1080, mphamvu pafupifupi 4 Nm. Ndi ya PlayStation ndi kompyuta. Mnzake wa Xbox ndi TX. Pomva msewu imaisiya kutali G29, makamaka m'magemu a m'fumbi ndi m'matope monga DiRT Rally 2.0, momwe chiwongolero chimafunika kuzungulira chokha mwachangu. Gudumu logwira limachoka, mukhoza kuikapo lina.

*Mtengo.* Yatsopano, ya GT Edition yokhala ndi mapedulo atatu, imakhala cha m'ma 400 kapena kuposerapo. Pa mtengo umenewo nthawi yake inapita. Imakoma ikakhala yakale yotchipa.

*Kapezekedwe.* Zakale zimapezeka bwino ku Britain ndi ku Ulaya, chifukwa eni ake akusamukira ku direct drive.

*Kasamalidwe.* Mkati muli fani yoziziritsa mota, ndipo fani imakoka fumbi. Pali njira yoikakamiza kuti izizungulira nthawi zonse, ndipo kwa amene ali kotentha ngati ku Chikwawa, Nsanje, Salima kapena Tete, imeneyo ikhale ntchito yoyamba. Musaike mphamvu pa 100 peresenti.

*Chiopsezo.* Mota ikatentha, chiwongolero chimadzichepetsera mphamvu pakati pa mpikisano. Adaputa ilinso mkati, ndiye nkhani ya 110V ija ikubweranso, ndipo ikapsa muyenera kutsegula chonse. Kugula T300 yakale muli kutali, wina n'kukutumizirani musanaiyese, n'kutchova njuga kuposa kugula G29 mwa njira yomweyo.

Njira yachisanu: direct drive yotchipa

Kale direct drive inali ya anthu a madola oposa 1,000. Fanatec ndi amene anagwetsa mpandawo mu 2021 ndi CSL DD ya 5 Nm, imene imafika 8 Nm mukagula adaputa yaikulu. Makampani a ku China anatsatira: Moza ndi R5 ya 5.5 Nm mu 2022 kenaka R3 ya 3.9 Nm, ndi Cammus ndi C5 ya 5 Nm, imene mota yake ili mkati mwa gudumu logwira.

Musanyengedwe ndi kuti R3 ndi T300 zili ndi manambala ofanana. Pa direct drive palibe lamba womeza kanthu ndipo palibe kampata pakati, choncho mumamva tayala likungoyamba kutaya, osati litataya kale.

*Mtengo.* R3 yathunthu, ndi mapedulo ndi chomangira patebulo, inayamba pa madola 399 ndipo yatsikako. R5 inayamba pa 599, nayonso yatsika. Mapedulo amakhala awiri. Kilatchi ndi giya ya pamanja n'zogula pazokha, ndipo apa m'pomwe bajeti imaphulikira mwakachetechete.

*Kapezekedwe.* Apa m'povuta kwa ife. Sizipezeka m'mashopu wamba. Moza imagulitsidwa kudzera mwa amalonda apadera a zamagemu a galimoto, ndipo ku South Africa alipo. Fanatec imagulitsa kwambiri pa tsamba lake la pa intaneti ndipo imatumiza ku zigawo zosankhidwa, choncho pamafunika munthu wa adiresi ya ku Ulaya kapena ku America, kuphatikizapo khadi yolipirira kunja pa nthawi ino ya kusowa kwa ndalama zakunja.

*Kasamalidwe.* Pafupifupi palibe. Mulibe magiya kapena lamba woti athe, ndipo mapedulo a Moza ndi a maginito. Ntchito ili pa pulogalamu: kuika Pit House, pulogalamu ya Moza ya pa kompyuta, kusintha firmware (pulogalamu ya mkati mwa chiwongolerocho), kukonza makonda a gemu iliyonse. Posintha firmware magetsi asathime, ndiye chitani zimenezi pa laputopu chiwongolero chili pa inveta kapena UPS, batire losunga magetsi akathima.

*Chiopsezo.* Bolodi ya mkati ikapsa palibe wokonza pafupi, ndipo waranti imafuna kuti katundu abwerere komwe anachokera, pa ndalama zanu. Makampani nawonso amagwedezeka: Endor AG, amene anali eni ake a Fanatec, anagwa mu 2024 ndipo Corsair inagula bizinesiyo. Tebulo lopepuka silipirira 5 Nm, limagwedezeka n'kumeza ubwino umene mwalipirira. Ndipo galimoto ikagunda khoma chiwongolero chimazungulira mwaukali moti chikhoza kupweteka chala cha mwana. Tsitsani mphamvu ngati ana azisewera. Kumbali ya makonsolo, R5 ndi C5 ndi za kompyuta, R3 ili ndi mtundu wa Xbox, ndipo wa PlayStation ayang'ane chizindikiro chake pa bokosi asanalipire.

Chilichonse cha mota chimene mwasankha, musachilowetse kukhoma mwachindunji. Magetsi akabwera atathima amatha kubwera ndi mphamvu, choncho kachipangizo koteteza, monga kaja timaika pa firiji, kalowe mu bajeti yomweyo. Katundu wa ku Britain amalowa m'soketi zathu mosavuta. Wa ku South Africa ndi ku Ulaya amafuna pulagi ina.

Ndani agule chiti

Ngati muli ku Malawi kapena ku Chipata, ndi chiwongolero chanu choyamba, ndipo chikawonongeka mulibe kobwezera, gulani G29, yakale yoyesedwa ngati ilipo. Si yokoma kuposa zonse m'manja, koma ndi yokhayo imene mungaikonze kwanu komweko, ndipo mukatopa nayo wogula sasowa.

Wa mathiraki, wa Euro Truck Simulator 2 kapena American Truck Simulator, safuna mphamvu yambiri. Akufuna madigiri 900, kilatchi ndi giya ya pamanja, ndiye G29 ndi giya yake, kapena G27. Giyayo imamangika mbali iliyonse ya tebulo, choncho iikeni kumanzere monga tinazolowera pa misewu yathu. Ili ndi magiya opita kutsogolo asanu ndi limodzi okha, koma gemuyo imalola kuika batani losinthira magiya apamwamba ndi apansi kuti akwane 12. Ndalama zikavutitsitsa, PXN V9 ikhoza kuyendetsa thiraki, bola mudziwe kuti mpikisano si wake.

Amene akuphunzira kuyendetsa ndipo akufuna kuzolowetsa miyendo pa City Car Driving atengenso G29 chifukwa cha mapedulo atatu. Adzazolowera kuti mwendo uti upite pati, koma kilatchi yake ilibe pogwirira pomveka m'phazi, moti kunyamuka pachitunda adzakaphunzirabe pa galimoto yeniyeni.

Wogulira mwana, kapena wofuna chatsopano cha waranti pa ndalama zochepetsetsa, T128 ndi yokwana. Manja aang'ono saona vuto ndi gudumu laling'ono. Amene akugona m'nyumba ya lendi yogundana makoma ndi anzake, kaya ku Ndirande kaya ku Leeds, apewe magiya a Logitech: atenge T300 yakale imene waiyesa yekha kwa ola lathunthu, kapena R3.

Amene ali ku South Africa kapena ku Britain, komwe katundu akhoza kubwezedwa, ndipo cholinga chake ndi Assetto Corsa Competizione, iRacing kapena F1 pa intaneti, adumphe zonse za magiya ndi lamba. Asunge mwezi wina umodzi kapena iwiri agule R3 kapena R5, ndipo ndalama yotsatira ipite ku buleki yabwino ndi chomangirapo cholimba.

Wa Need for Speed yekha, kapena wongozungulirazungulira mu Forza Horizon 5 madzulo akaweruka, akhale ndi padi yake. Magemu amenewo anapangidwa poganizira padi, ndipo ndalamazo zichita bwino pa khadi ya zithunzi ya kompyuta.